Mmene mungayambire kusonkhanitsa ndalama zakale za siliva ndi golide za ku Britain

Ndalama yakale yachitsulo imakhala ndi mitengo iwiri, ndipo munthu amene akufuna kuyamba kusonkhanitsa ndalama za siliva ndi golide za ku Britain ayenera kuzolowera kuisiyanitsa mitengoyi asanapise dzanja m'thumba. Mtengo woyamba ndi wa chitsulo chenichenicho, umene aliyense wokhala ndi sikelo angathe kuuwerengera yekha. Mtengo wachiwiri ndi umene anthu amawonjezerapo chifukwa cha chaka chimene ndalamayo inasulidwa, malo amene inasulidwira, kusowa kwake ndiponso mmene yasungikira. Pa mtengo woyambawo n'kovuta kumupusitsa munthu, koma pa wachiwiriwu ndi pamene ongoyamba kumene amaberedwa masanasana.

Musanapite patali, dziwani kawerengedwe ka ndalama za dzikoli lisanasinthe pa 15 February 1971, pakuti popanda zimenezi mayina a ndalamazi adzangokusokonezani. Paundi imodzi inali masheleni 20, ndipo sheleni imodzi inali mapeni 12, kutanthauza kuti m'paundi munali mapeni 240. Pa ndalama za siliva, crown inali masheleni 5, half crown inali masheleni 2 ndi mapeni 6, florin inali masheleni 2, kenako pankabwera sheleni, sixpence ndi threepence. Pa zagolide, sovereign inali paundi imodzi, pamene guinea, imene inaitsogolera, inali masheleni 21.

Zaka zitatu zoti muziloweze pamtima

Pali zaka zitatu zimene zimathandiza kwambiri pa ndalama za siliva, ndipo zakazi ndi 1816, 1920 ndi 1947. Mu 1816, nkhondo zolimbana ndi Napoleon zitangotha, boma linakonzanso ndalama zake zonse ndi kukhazikitsa kulemera kumene sikunasinthenso mpaka kalekale: crown inali magalamu 28.28, half crown magalamu 14.14, sheleni magalamu 5.66 ndipo sixpence magalamu 2.83. Florin, imene inabwera mu 1849, inali magalamu 11.31. Mpaka mu 1919 ndalama zimenezi zinali ndi siliva wokwana 92.5 peresenti, koma mtengo wa siliva utakwera pambuyo pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, kuyambira mu 1920 anamutsitsa kufika pa 50 peresenti. Mu 1947 siliva anachotsedwamo yense, mwa zina n'cholinga chobweza siliva amene Britain inabwereka ku America panthawi ya nkhondo yachiwiri, ndipo m'malo mwake munalowa mkuwa wosakaniza ndi nickel.

Tanthauzo lake ndi lakuti ma half crown atatu ofanana kukula ndi kulemera angathe kukhala zinthu zitatu zosiyana kotheratu. Ya 1915 ili ndi siliva woposa pang'ono magalamu 13, ya 1930 ili ndi magalamu 7, pamene ya 1948 ilibe siliva ngakhale pang'ono, ngakhale kuti imawala bwino lomwe. Mukadziwa mtengo wa galamu imodzi ya siliva pa tsikulo, mungathe kuwerengera mtengo wotsikitsitsa wa ndalama iliyonse, ndipo chilichonse chimene wogulitsa waikapo pamwamba pa mtengo umenewo ayenera kuchifotokoza momveka bwino.

Sankhani kadera kochepa

Ndalama za siliva za ku England zinayamba kale kwambiri, ndipo peni ya siliva inali itakhazikika kale m'nthawi ya Mfumu Offa ya ku Mercia (ufumu wina wakale wa ku England), imene inalamulira kuyambira mu 757 mpaka mu 796. Palibe munthu angatolere zonse za zaka zoposa 1,000 zimenezi, ndipo amene amagula chilichonse chimene chamukola m'maso amatsiriza ali ndi mulu wa ndalama zosagwirizana, umene sumuphunzitsa kanthu ndiponso umavuta kugulitsa. Ine ndimalangiza kuyamba ndi mtundu umodzi wa ndalama, makamaka sheleni kapena half crown, n'kumafuna imodzi ya mfumu iliyonse kuchokera kwa George III kufika kwa George VI. Ndalama zimenezi zinasulidwa zambirimbiri, sizivuta kupeza, ndipo mukalakwitsa pogula simulira nthawi yaitali.

Ulamuliro wa Mfumukazi Victoria, kuyambira mu 1837 mpaka mu 1901, ndi munda wachonde kwambiri kwa woyamba kumene, chifukwa nkhope ya mfumukaziyi inaoneka m'mitundu itatu pa ndalama zofala. Pali mutu wa Victoria ali mtsikana umene anaujambula William Wyon, pali wa mu 1887 wokhala ndi kachisoti kakang'ono kooneka ngati kagwa pansi nthawi iliyonse, umene anthu a nthawiyo anauseka kwambiri, ndipo pali wa mu 1893 umene akuoneka ali mayi wachikulire atafunda nsalu kumutu. Florin yoyamba ya mu 1849 anthu anaitcha yopanda Mulungu chifukwa osula anasiya mawu a Chilatini akuti DEI GRATIA, otanthauza kuti mwa chisomo cha Mulungu. Maflorin otsatira ake ali ndi zilembo zokhotakhota za mtundu wa Gothic, ndipo chaka chake chinalembedwa m'manambala a Chiroma kumapeto kwa mawu ozungulira mutu, moti ambiri amaitembenuza ndalamayo kangapo n'kumaganiza kuti ilibe chaka, chikhalirecho mdccclxxii ndi 1872. Sixpence ina ya mu 1887 inafanana kwambiri kumbuyo kwake ndi half sovereign, ndalama yagolide ya theka la paundi, kotero kuti akamberembere ankaipaka golide n'kumagulira zinthu ngati ndalama yagolide, ndipo boma linakakamizika kusintha chithunzicho chaka chomwecho.

Mukayala ndalama zanu motsatira mafumu mudzaona chinthu china chosangalatsa: kuyambira nthawi ya Charles II, mfumu iliyonse imayang'ana mbali yosiyana ndi imene inayang'ana mfumu yam'mbuyo mwake. Victoria akuyang'ana kumanzere, Edward VII kumanja, George V kumanzere. George VI nayenso akuyang'ana kumanzere, chifukwa pakati pawo panali Edward VIII, amene mwamwambowu akanayang'ana kumanja, koma anatula pansi ufumu mu December 1936 ndalama zake zisanatulutsidwe kwa anthu.

Mmene mungayang'anire sovereign

Pa golide, poyambira pabwino ndi sovereign. Dzinali linayamba ndi Henry VII mu 1489, koma sovereign imene anthu ambiri amaidziwa ndi imene inayamba kusulidwa mu 1817, yokhala ndi chithunzi cha George Woyera atakwera hatchi akupha chinjoka, chimene anachijambula Benedetto Pistrucci wa ku Italy. Kulemera kwake ndi magalamu 7.98, m'mimba mwake ndi mamilimita 22.05, golide wake ndi wa makarati 22 (magawo 22 mwa 24), ndipo golide weniweni amene alimo ndi magalamu 7.32. Half sovereign ndi theka la kulemera kumeneku. Ubwino wa ndalamayi ndi wakuti zaka zake zambiri zimagulitsidwa pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa golide amene alimo, choncho mungathe kugwira m'manja ndalama ya zaka zoposa 100 popanda kulipirira kwambiri ukalamba wake.

Chimene chimasiyanitsa sovereign wamba ndi yosowa nthawi zambiri ndi kachilembo kakang'ono kwambiri, kamene munthu wosadziwa sangakaone n'komwe. Tengani galasi lokuzira zinthu kakhumi, muike ndalamayo pansi pa nyale imene kuwala kwake kukuchokera cham'mbali, ndipo muyang'ane pa kamtunda kamene chinjoka chagonapo, pamwamba penipeni pa manambala a chaka. Mukaona S, ndalamayo inasulidwa ku Sydney. M ndi Melbourne. P ndi Perth, ndipo mizinda itatuyi ndi ya ku Australia. C ndi Ottawa ku Canada. I ndi Bombay ku India, kumene anasula masovereign mu 1918 mokha. Ndipo SA ndi Pretoria, kumene anasula kuyambira mu 1923 mpaka mu 1932. Mukapanda kuona chilembo chilichonse, ndiye kuti inasulidwa ndi Royal Mint, fakitale ya boma yosula ndalama, imene kale inali ku London. Pa masovereign a Victoria ali mtsikana kachilemboka kali pena: pa okhala ndi George Woyera kali pansi pa khosi la mfumukazi, ndipo pa okhala ndi chishango kumbuyo kali m'munsi mwa nkhata ya masamba yozungulira chishangocho.

Kachilembo kameneka kamasintha mtengo modabwitsa. Sovereign ya 1917 ya ku Perth ndi yofala, koma ya chaka chomwecho ya ku London ndi yosowa kwambiri, ndipo pachifukwa chimenechi pali anthu osaona mtima amene amapala kachilembo P kuti ndalamayo ioneke ngati ya ku London. Zina zodziwika ndi kusowa ndi ya 1819 ndiponso ya 1920 ya ku Sydney, koma woyamba kumene akapatsidwa imodzi mwa zimenezi pa mtengo wozizira, chanzeru n'kungothokoza ndi kubweza. Samalaninso ndi ya 1925 ya ku London, osati chifukwa ndi yachinyengo, koma chifukwa Royal Mint yomwe inasulanso ena ambiri okhala ndi chaka chomwechi m'zaka zochepa kuyambira mu 1949, moti si onse amene ali ndi zaka zimene akuonetsa.

Guinea ndi yakale kuposa pamenepa. Inayamba mu 1663 ndipo yomaliza inasulidwa mu 1813. Mtengo wake unkakwera ndi kutsika mpaka mu 1717, pamene unakhazikitsidwa pa masheleni 21 potsatira malangizo a Isaac Newton, amene panthawiyo ankayang'anira Royal Mint. Dzina lake linachokera ku gombe la Guinea kumadzulo kwa Africa, ndipo maguinea ena akale ali ndi kanjovu pansi pa mutu wa mfumu, kosonyeza kuti golideyo anabwera ndi Royal African Company, kampani imene inkagulitsanso anthu muukapolo. Ndimaona kuti munthu wogula ndalama yotere ayenera kudziwa chimene kanjovuko kakuimira, pakuti ogulitsa ambiri amangokatchula ngati chokometsera mtengo. Msampha waukulu pa guinea ndi wa ija ya George III yokhala ndi chishango chooneka ngati fosholo, imene inasulidwa kuyambira mu 1787 mpaka mu 1799. M'zaka zotsatira anthu anapanga tizitsulo tambirimbiri ta mkuwa wachikasu toitsanzira, togwiritsa ntchito posewera makhadi, ndipo mpaka lero timapezeka m'mabokosi a makolo, eni ake akukhulupirira kuti asunga chuma. Guinea yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 8.4, pamene kachitsulo kosewerera makhadi kamapepuka kwambiri moti ngakhale chikhatho chimadziwa.

Zosulidwa ndi nyundo

Chisanafike chaka cha 1662, ndalama zambiri za ku England zinkasulidwa pamanja: kachitsulo kopyapyala kankaikidwa pakati pa zidindo ziwiri, ndipo munthu ankamenya ndi nyundo. N'chifukwa chake ndalama zimenezi si zozungulira bwino, zilembo zina zimasowa, ndipo nkhope ya mfumu nthawi zina imaoneka yofufutika ngakhale pa ndalama imene sinayende m'manja mwa anthu. Anthu ankametanso tizidutswa ta siliva m'mphepete mwake n'kumasunga, choncho pogula muone ngati mawu ozungulira alipo onse, chifukwa ndalama yometedwa kwambiri imatsika mtengo. Makina atayamba kugwira ntchito mu ulamuliro wa Charles II, m'mphepete mwa crown analembamo mawu akuti DECVS ET TVTAMEN, otanthauza chokongoletsa ndi chotetezera, n'cholinga choti wometa aliyense aonekere.

Amene mtima wake wakokedwa ndi ndalama za mtundu umenewu ayambe ndi sixpence ya Elizabeth I, imene inayamba kusulidwa mu 1561. Ili ndi duwa kumbuyo kwa mutu wa mfumukazi ndiponso chaka cholembedwa pamwamba pa chishango, chinthu chosowa pa ndalama za nthawi imeneyo, zimene zambiri mumazizindikira ndi kachizindikiro kakang'ono koyambira mawu. Za bambo ake, Henry VIII, n'zovuta pang'ono, chifukwa kuyambira mu 1544 mfumuyi inachulukitsa mkuwa m'ndalama za siliva, mpaka mphuno ya chithunzi chake inkafiira siliva wapamwamba akaperepeseka, ndipo anthu anaipatsa dzina lachipongwe lonena za mphuno ya mkuwa. Pali enanso amene amatsata ndalama zonena kumene chitsulo chake chinachokera, monga za Mfumukazi Anne za 1703 zolembedwa VIGO, zosulidwa ndi siliva wolandidwa pa nkhondo ya ku Vigo Bay ku Spain mu 1702, ndiponso za George II za 1745 ndi 1746 zolembedwa LIMA, dzina la mzinda wa ku Peru.

Kuweruza kasungikidwe ndi kuzindikira zachinyengo

Ogulitsa a ku Britain amagwiritsa ntchito magulu anayi akuluakulu pofotokoza mmene ndalama yasungikira: Fine ndi yoperepeseka ndithu koma yowerengeka bwino, Very Fine ndi yoperepeseka pa malo otukuka okha, Extremely Fine ndi imene yangokhudzidwa pang'ono, ndipo Uncirculated ndi imene sinayendepo m'manja. Makampani a ku America monga NGC ndi PCGS amapereka manambala ochokera pa 1 kufika pa 70 n'kutsekera ndalamayo m'kabokosi ka pulasitiki. Kusiyana kwa gulu limodzi lokha kungathe kuwirikiza mtengo, ndipo n'zachibadwa kuti wogulitsa amaona ndalama yake ili bwino kuposa mmene ilili. Phunzirani kuyang'ana malo amene amayamba kutha, monga tsitsi la pamwamba pa khutu, ndevu za Edward VII ndi George V, nkhope za mikango ya pa chishango, ndiponso chifuwa ndi bondo la George Woyera. Buku la mitengo la chaka ndi chaka, limene kampani ya Spink inalitulutsa kwa zaka zambiri, lidzakuthandizani kudziwa zaka zosowa, monga half crown ya 1905 kapena crown ya 1934 imene inasulidwa 932 yokha, koma mitengo yake muziitenga ngati chiyerekezo chabe.

Zipangizo zofunika si zambiri: sikelo yoyeza mpaka gawo limodzi mwa magawo 100 a galamu, choyezera mamilimita, galasi lija ndi maginito wamphamvu. Golide ndi siliva sakokedwa ndi maginito, choncho ndalama ikamamatira nkhani yathera pomwepo, ngakhale kuti kusamamatira sikutsimikizira kuti ndi yeniyeni. Yezani kulemera ndi kukula pamodzi, chifukwa golide ndi wolemera kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo wachinyengo akafuna kufikitsa magalamu 7.98 ndi chitsulo china amakakamizika kunenepetsa ndalamayo. Kuperepeseka kumachotsa pang'ono pokha, choncho sovereign yooneka yatsopano koma yolemera magalamu 7.6 ndi yokayikitsa. Zachinyengo zoumbidwa m'chikombole zimakhala ndi timaenje ting'onoting'ono, zilembo zofewa ngati zasungunuka, ndipo nthawi zina kamzere koyenda m'mphepete monse. Dziwaninso kuti m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kunapangidwa masovereign ambiri achinyengo a golide weniweni kunja kwa Britain, ndipo amenewa sikelo siiwagwira. Amagwidwa ndi diso lozolowera, kapena chifukwa chakuti chaka ndi kachilembo ka malo sizikugwirizana, monga SA pa chaka chimene Pretoria inali isanayambe kusula.

M'mphepete mwa ndalama musamaiwalemo. Masovereign ambiri anavalidwapo ngati mphete kapena mkanda, ndipo amasiya zipsera. Ine ndinagulapo imodzi pa intaneti nditangoona zithunzi za mbali ziwiri zokha, ndipo itafika ndinapeza kuti pamwamba penipeni pa mutu wa mfumu timizere ta m'mphepete tinali titasalazidwa, pamalo pamene panali kakolowekero kowotcherera. Golide anali weniweni, koma mtengo wachiwiri uja, umene ndinalipira mokondwa, panalibe. Kuyambira pamenepo ndimapempha chithunzi cha m'mphepete ndisanalipire.

Musatsuke

Siliva akakhalitsa amadera, nthawi zina n'kutenga mtundu wa phulusa kapena wobiriwira mofiirira, ndipo woyamba kumene amaona ngati limeneli ndi litsiro. Odziwa amaukonda mtundu umenewu chifukwa ndi umboni wakuti ndalamayo sinaseweretsedwe. Mankhwala otsukira zitsulo, mswachi, ngakhale kansalu kofewa, zimasiya timikwingwirima tosaoneka ndi maso koma toonekeratu pansi pa galasi, ndipo palibe njira yotichotsera. Half crown yanga yoyamba ya Edward VII ndinaipukuta mpaka inawala ngati supuni yatsopano, ndipo wogulitsa wina wachikulire amene ndinamuonetsa anangoipendeketsa kamodzi pa nyale, n'kuiika pa sikelo osanena kanthu, kusonyeza kuti kwa iye inali itasanduka siliva wongoyeza basi. Gwirani ndalama m'mphepete mokha, pamwamba pa tebulo loyalidwa nsalu, ndipo musalankhule mutaiyandikiza pakamwa, chifukwa kadontho ka malovu kamasanduka banga lakuda pakapita miyezi.

Kogula ndi kasungidwe

Pa ndalama iliyonse ya mtengo wokwera, gulani kwa wogulitsa amene amalemba lisiti lofotokoza chaka, kachilembo ka malo ndi gulu la kasungikidwe, komanso amene amalola kubweza ngati ndalamayo itapezeka kuti si yeniyeni. Ku Britain ogulitsa ambiri odalirika ali m'bungwe la British Numismatic Trade Association, limene limachititsanso chionetsero cha Coinex ku London. Makampani a okushoni monga Spink, Noonans ndi Baldwin's amaika zithunzi ndi mitengo ya malonda akale pa intaneti, ndipo kuyang'ana zimenezi kwa miyezi ingapo ndi sukulu yaulere. Pogula pa okushoni kumbukirani kuti pamwamba pa mtengo umene mwapambanira pamabwera ndalama ya kampaniyo, imene kawirikawiri imafika kapena kupitirira 20 peresenti, choncho muiwerengeretu musanakweze dzanja. Amene angathe kufika ku British Museum ku London, Ashmolean ku Oxford kapena Fitzwilliam ku Cambridge akaone ndalama zenizeni, kuti diso lizolowere maonekedwe ake.

Ndalama zambiri zosulidwa ndi nyundo zimachokera m'nthaka, ndipo pamenepa pali lamulo. Malinga ndi Treasure Act ya 1996, imene imagwira ntchito ku England, Wales ndi Northern Ireland, ndalama ziwiri kapena kuposerapo za golide kapena siliva zopezeka pamalo amodzi, zimene zapitirira zaka 300, ziyenera kunenedwa kwa akuluakulu pasanathe masiku 14, ndipo Scotland ili ndi malamulo akeake. Zinthu zakale zofukulidwa m'nthaka ya Britain zimafunanso chilolezo kuti zituluke m'dzikolo. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti ndalama inafukulidwa, mufunseni ngati inalembetsedwa ku Portable Antiquities Scheme, kumene amalembera m'kaundula zinthu zakale zimene anthu apeza m'nthaka, ndipo nambala yake muisunge.

Posunga, pewani timatumba ta pulasitiki yofewa ya PVC, chifukwa pakapita nthawi timatulutsa mafuta obiriwira amene amadya chitsulo. Gwiritsani ntchito timaenvulopu ta pepala lopanda asidi, tizibokosi ta pulasitiki yolimba, kapena mathireyi oyalidwa nsalu, ndipo muziika pamalo ouma, ndalama iliyonse payokha kuti zisakhulane. Pa ndalama iliyonse lembani kakhadi konena mfumu, chaka, kachilembo ka malo, kulemera kumene mwayeza nokha, tsiku logula, kumene mwagula ndi mtengo wake, ndipo muijambule mbali zonse ziwiri pamodzi ndi m'mphepete. Ngati ndalamayo yabwera ndi kapepala kozungulira kolembedwa pamanja ndi mwini wake wakale, musakataye ngakhale katakhala kothimbirira, chifukwa timapepala timeneti ndi timene timasonyeza manja amene ndalamayo yadutsamo, ndipo tsiku logulitsa likadzafika wogula wodziwa adzakafunsa.